Voti Imene Inandidanitsa ndi Mwana Wanga

Ku England anandikokera ndi achimwene anga a Wyson. Iwo anapita kalekale kukaphunzira za uinjiniya ku Loughborough, atamaliza anapeza ntchito komweko n'kukwatira. Ukwati wanga utatha, ine ndikungogulitsa kaunjika pamsika wa Balaka, anandiimbira foni.

"Achemwali, mufera pamenepo. Bwerani kuno mudzaphunzire zosamalira okalamba. Mwanayo adzakutsatirani mapepala akakhala bwino."

Mwanayo ndi Limbani, mwana wanga mmodzi yekhayo. Nthawi imeneyo mano ake akutsogolo anali atangochoka. Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Esinati, ndili ndi chikhulupiriro chakuti chaka sichitha tisanaonane.

Mzinda wa Leicester, kufupi ndi kwa achimwene, unandidabwitsa. Ndinkayembekeza azungu okhaokha, koma nditatsika basi pa Belgrave Road ndinaona ngati ndafika ku Limbe: masitolo a Amwenye mbali zonse, nsalu zowala, zibangili zagolide m'mawindo, fungo la tsabola wokazinga. Achimwene anandipezera kachipinda pamwamba pa sitolo ina yansalu. Khitchini ndi bafa tinkagawana ndi alendi anzanga, ndipo mmodzi mwa iwo anali Danuta, mayi wa ku Poland wamtali, wamanja ngati amwamuna, amene ankakhala ndi kamwana kake kakakazi kobadwira ku Leicester konko.

Danuta ndi amene anandilowetsa ntchito ku nyumba ina yosamalira okalamba ku Evington. Ntchito imeneyi sifuna munthu wonyansidwa msanga. Umasambitsa gogo wa eni ake, kumupukuta, kumudyetsa, iye akukutukwana kapena kukuitana dzina la mwana wake amene sabwera kudzamuona. Lamulo linali lakuti ponyamula munthu wosatha kuyenda muzikhala awiri. Choncho kwa zaka zambiri ine ndinali kumutu, Danuta kumiyendo. Tinazolowerana mpaka sitinkachita kuuzana. Akangokweza nsidze ndinkadziwa kuti tinyamule.

Sindinganame kuti ndinkamukonda masiku onse. Madzulo ndinkamumva akukalipira mwana wake kuti alembe homuweki, mtima wanga n'kumawawa. Iye, pokhala wa ku Ulaya konko, analowa m'dzikomo ndi chiphaso chabe, wopanda womufunsa. Ine ndinali nditaapulaya kangapo kuti Limbani abwere, yankho lake n'kumakhala lokana. Ulendo wina anati malipiro anga ndi ochepa. Ulendo wina anati bambo ake akadali moyo, angathe kumulera, chonsecho munthuyo anali atasowa ku Joni osatumiza ngakhale sopo.

Koma amayi anga atamwalira, mapepala anga anali ku ofesi ya maviza ndipo sindikanatha kutuluka m'dzikomo. Maliro ndinawamvera pafoni. Danuta anandigwirira mashifiti anga sabata yonse. Akaweruka ankabwera kuchipinda kwanga. Anaona amayi a kutchalitchi kwathu atakhala pansi, nayenso anavula nsapato, anapempha chitenje, n'kukhala pansi pomwepo miyendo yake yaitaliyo itasowa poiika. Kuyambira pamenepo anayamba kunditchula kuti "chemwali", motengera achimwene, ngakhale lilime linkamukanika.

Kenaka kunabwera nkhani ya riferendamu. Boma linati lifunsa anthu onse funso limodzi: dziko likhalebe mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kapena lituluke? Poyamba ndinkaiona ngati nkhani ya eni dziko. Tsiku lina pakhomo panagwa kakhadi kondiitana kukavota, kali ndi dzina langa. Ka Danuta panalibe. Tinafunsa kuntchito, n'kutiuza kuti ife ochokera m'mayiko amene kale ankalamulidwa ndi Angerezi tikuloledwa, koma a ku Poland ayi. Danuta anakayang'ana kakhadiko kwa nthawi.

"Ndiye kuti akufunsa iwe ngati ine ndikhale," anatero. Anaseka, koma kuseka kwake sikunandisangalatse.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinasonkhana kwa achimwene ku Loughborough. Panali manesi, ana asukulu, ndi bambo wina wa ku Chipata amene sankaphonya pamene pali nyama. Mkangano unabuka mbale zisanachotsedwe. Ena ankati tikatuluka mapaundi agwa, ena ankati nkhani ya azungu tiisiye. Achimwene anaimirira, foloko ili m'manja.

"Tamverani. Agogo athu anamenya nkhondo za anthu amenewa. Timayankhula chilankhulo chawo, sukulu tinaphunzira zawo. Koma pa eyapoti ife ndi amene timaima pamzere wautali, wa ku Romania akungodutsa. Akatseka khomo limenelo, ntchito zimenezi agwira ndani? Adzatsegula lathu. Palibe kuchitira mwina."

Atatero anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva.

"Makamaka inuyo achemwali. Ngati mukufuna Limbani adzaponde kuno, mukudziwa pochonga."

Ndinabwerera pa sitima mutu utaima. Zimene ananenazo sizinali zopusa. Ndinali nditaziganizapo ndekha, kungoti ndinkachita manyazi kuzitulutsa pakamwa.

Kuntchito kunali gogo wina dzina lake Walter, amene miyendo inali itafa koma mutu uli bwinobwino. Pa unyamata wake anagwirapo ntchito ku Switzerland. M'mawa wina tikumuveka malaya, wailesi ikukamba za voti yomweyo, anapukusa mutu.

"Kumene ndinali kuja anthu amafunsidwa pafupipafupi," anatero. "Za msewu, za msonkho, za sukulu, chigawo chilichonse ndi mafunso akenso. Anazolowera kuyankha funso limene afunsidwa. Ife kuno satifunsa. Ndiye akatifunsa kamodzi, munthu aliyense abweretsa mkwiyo wake wonse, wa basi imene inasiya kubwera, wa fakitale imene inatsekedwa, n'kuuthira pa funso limodzi."

"Nanga inu muvota chiyani?" anafunsa Danuta akumanga mabatani.

"Kutuluka," anayankha gogoyo osaphethira. "Koma si za iwe, mwana wanga. Iwe ndiwe wabwino."

Danuta anamaliza mabataniwo, anamupesa tsitsi, n'kutuluka. Ndinakamupeza kochapira zovala atatsamira makina, akuyang'ana khoma.

Masiku amenewo ndinkakumbukira kwambiri riferendamu yathu ya kumudzi, ya nyali ndi tambala. Ndinali kamtsikana, wosafika povota. Bambo anga anali a nyali, ankafuna zipani zambiri. Amayi anali a tambala, osati chifukwa chokonda, koma ankaopa nkhondo ngati imene inathamangitsa anthu a ku Mozambique amene tinkawaona m'misasa. Anapita limodzi kukavota, anabwera limodzi, osayankhulana njira yonse. Koma funso lija linali lathu. Aliyense amene zotsatira zake zikanamugwera anali pamzere. La ku England ili linali lina: amene likanamupweteka kwambiri ndi amene analibe kakhadi.

Kutatsala pang'ono kuti tivote, Danuta anandipeza m'khitchini ndikuphika nyemba.

"Chemwali, sindinakupemphepo kanthu."

"Ndikudziwa."

"Mwana wanga sadziwa kwina. Chipolishi amayankhula ngati mlendo. Akatithamangitsa ndikamuika sukulu iti? Ndikudziwa zimene akunena achimwene ako. Mwina akunena zoona. Sindikuuza chochita. Ndangofuna kuti ukakalowa muja ukadziwe kuti ine ndilibe pakamwa."

Tsikulo ndinapita nditaweruka shifiti yam'mawa. Malo ovotera anali holo ya sukulu ya pulayimale, mipando ya ana itaunjikidwa pakona. Anandipatsa kapepala, ndinalowa m'kachipinda kamatabwa, pensulo itamangidwa ndi chingwe. Pa kapepalako panali timabokosi tiwiri tokha. Ndinaima pamenepo mpaka mayi woyang'anira anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinkaona Limbani, koma zimene ankalonjeza achimwene zinali za mawa, zodalira chifundo cha anthu omwewo amene anandikana kale. Za Danuta zinali za lero, munthu woti ndikubwerera kunyumba ndikamupeza pa masitepe. Ndiponso mumtima ndinkadziwa kuti amene akunyansidwa ndi mzungu mnzake chifukwa ndi mlendo sangadzakondwere ndi ine. Ndinachonga kuti tikhalebe.

M'mawa mwake tinamva kuti otuluka apambana. Mumzinda wa Leicester okhalabe ndi amene anachuluka pang'ono, koma matauni ozungulira anasankha kutuluka. Tinakwera basi yopita ku Evington ngati masiku onse. Danuta anali pafoni ndi mayi ake, akuyankhula chakwawo motsitsa. Bambo wina wovala bwinobwino, wonyamula nyuzipepala, anatembenuka.

"Tavota dzulo. Yambani kulongedza."

Ine ndinati ndimuyankhe. Asanamve n'komwe mawu anga anandiloza ndi nyuzipepala ija.

"Nawenso."

M'basimo munali anthu ambiri. Wina aliyense anapeza choyang'ana pawindo. Titafika kuntchito tinavala mayunifolomu, tinakanyamula gogo Walter kupita naye kubafa, ine kumutu, Danuta kumiyendo. Anatipempha kuti madzi akhale otentherako.

Achimwene anaimba foni tsiku lomwelo, mawu akumveka achimwemwe.

"Mwaona? Tsopano muyambe kukonzekera. Munachonga bwino, eti?"

Ndikanatha kungoti eya. Voti ndi yachinsinsi, palibe akanadziwa. Koma ndinali ndi mkwiyo wa m'basi muja, ndipo ndinawauza zoona, ndi chifukwa chake.

"Ndiye kuti mwasankha mzungu kusiya mwana wobala nokha."

"Si choncho, achimwene."

"Ine ndinavutika kukubweretsani kuno chifukwa cha mwana ameneyo. Chabwino. Tamva."

Sindinadziwe kuti mawu amenewa awatumizanso kumudzi. Kwathu mawu a malume salowa m'khutu limodzi n'kutulukira linalo.

Danuta sanathamangitsidwe ndi boma. Anauzidwa kuti alembetse, ndipo akanatha kukhala. Zimene zinamuchotsa ndi zing'onozing'ono: mwana wake kubwera kusukulu akulira, wachibale wa gogo wina kupempha kuti mayi ake azisambitsidwa ndi "munthu wakonkuno", anthu amene ankamupatsa moni kwa zaka kuyamba kumufunsa kuti apita liti. Anapirira zaka zingapo. Tsiku lina anangoti, "Ndatopa kuthokoza anthu chifukwa chondilola kupukuta makolo awo." Anandisiyira mapoto ake ndi chikhotho chachikulu chimene chimandifika m'akakolo. Ndinawaperekeza kokwerera basi ya ku eyapoti. Anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa.

"Voti yako sinathandize, chemwali," anatero akupukuta m'maso. "Koma ndinaimva."

Atachoka iye, anachokanso ena. Ntchito inatsala yomweyo, manja ndi amene anachepa. Lamulo la awiriawiri linatsala papepala. Belu likalira, mnzako ali kuchipinda china ndi gogo amene wagwa, umanyamula wekha. Msana wanga unathyokera pamenepo. Mpaka lero sinditha kuwerama kuti ndimange nsapato popanda kugwira khoma.

Ndipo apa ndi pamene pamandisokoneza mpaka pano: achimwene sananame kwenikweni. Patapita zaka, okalamba atasowa owasamalira, khomo lija linatsegukadi. Ndinayamba kumva Chichewa m'basi, m'sitolo, kuntchito. Kunabwera atsikana a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ena ndi amuna awo ndi ana awo. Ena anagwa m'manja mwa madobadoba amene anawalonjeza ntchito zoti kulibe, koma ambiri anakhazikika. Achimwene tikakumana kutchalitchi ankangoti, "Suja ndinanena?" Koma Limbani anali atapitirira msinkhu wobwera ngati mwana wanga. Ndinamuuza kuti aapulaye yekha ntchito yosamalira okalamba, ine ndimuthandiza. Anayankha mawu awiri: "Ndili bwino." Mafoni athu anali atafupika kalekale. Ndinkayesa ndi unyamata chabe.

Msana utafika poipa anandipatsa tchuthi chachitali, ndipo ndinapita kumudzi. Ndinali nditapitako maulendo owerengeka m'mbuyomo, koma a sabata ziwiri, odzaza ndi alendo ndi masutukesi, osapeza mpata wokhala pansi ndi munthu. Ulendo uno ndinakhalitsa. Esinati ndinamupeza atanenepa, ali ndi golosale, akuyankhula ngati mwini mudzi. Nyumba imene ndinamangitsa inali yokongola kuposa pazithunzi, koma ndinkachita kufunsa pamene pamakhala masupuni. Limbani anali bambo wandevu, wokonza njinga zamoto za kabaza pafupi ndi msika, ali ndi mkazi woyembekezera. Ankandipatsa ulemu wonse. Ankagwada pondipatsa moni, ankanditumizira nyama. Koma akafuna kuseka ankapita kwa Esinati.

Tsiku lina masana ndinamutsatira kushedi kwake. Ndinakhala pa benchi ya makasitomala, iye akumasula tcheni cha njinga.

"Limbani, ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Usandiyankhe ngati mlendo. Ndine mayi ako."

Anaika sipanala pansi, anapukuta manja pa kansanza, osandiyang'ana.

"Amalume anatiuza. Anati kunali voti yoti ana a anthu akuda azibwera, inu munavota kuti ayi. Chifukwa cha mnzanu wachizungu. Ndinali Fomu 2. Anzanga onse ankadziwa kuti ndikupita ku UK. Ndinali nditagawa kale mabuku anga."

Ndinamva ngati msana uja wathyokanso. Zaka zonsezo mwana ankayenda ndi mwala umenewu, ine ndikumutumizira majuzi.

Ndinamufotokozera zonse. Ndinamuuza funso lenileni limene linali pa kapepala kaja, kuti dzina la Malawi panalibe, za ana panalibe. Ndinamuuza za maulendo amene ndinaapulaya n'kukanidwa, za Danuta atakhala pansi pa maliro a agogo ake, za bambo wa m'basi. Ndinamuuzanso kuti amalume ake pena ananena zoona, ndipo kuti mpaka lero sindidziwa ngati ndinachonga bwino. Anamvetsera osandidula. Wakabaza wina anabwera, iye anamuuza kuti abwerenso.

"Ndamva," anatero pomaliza. "Mwina za votizo amalume anawonjezera. Koma amayi, inu mukuti mnzanuyo zinamuwawa chifukwa ankakamba za moyo wake iye osafunsidwa. Dziko lonse la eni ake linafunsidwa maganizo, mpaka inu mlendo. Nanga ine? Pamene munkapita, pamene munkati chaka chamawa, chaka chamawa, pamene munkasankha kuti mukhalebe konko, analipo anandifunsa?"

"Unali mwana."

"Sindinakhale mwana zaka zonsezi."

Tinakhala pamenepo, njinga zikudutsa, fumbi likutibwerera. Tchuthi changa chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo kuntchito anali atandiuza kuti ndikabwerera adzandipatsa ntchito yopepuka yogawa mankhwala. Ndinali ndisanauze aliyense kuti mumtima ndikulimbana ndi maganizo ongokhala osabwereranso.

"Ndiye ndikufunsa lero," ndinatero. "Ndikhale kapena ndibwerere? Chimene unene ndichita."

Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, kufuna kuona ngati ndikunena zoona. Anatola sipanala ija, anaitembenuza m'manja.

"Msana wanuwo kuno ulibe chipatala," anatero. "Ndiponso mukakhala chifukwa cha ine, mudzakhala ngati mlendo m'nyumba mwanu, ine n'kumadziimba mlandu. Bwererani. Koma mwana akabadwa mubwere, osati ndi masutukesi. Mudzakhale miyezi, adzakudziweni fungo."

"Ndi zimene ukufuna iweyo?"

"Ndi zimene ndanena ine."

Tsiku lonyamuka Esinati anali atakonza galimoto yoti indiperekeze kudepoti, koma Limbani anaibweza. Anamangirira chikwama changa kumbuyo kwa njinga yake, anandithandiza kukwera pang'onopang'ono chifukwa cha msana. Msewu unali wa mabampu, ndipo ndinkachita mantha kugwa.

"Gwirani ine, amayi," anatero osatembenuka. "Musagwire chitsulo."

Ndinamugwira m'chiuno mpaka kudepoti.